Lisiti Lopanda Dzina

Takondwa ndi Limbani
*Lolemba, 11 Ogasiti*

08:14 Takondwa: iwe limbani tabuleti ya kampani ili kwa iwe?

08:31 Limbani: mwadzuka bwnj asisi. moni kaye kkk

08:31 Limbani: tabuleti yanji

08:33 Takondwa: ndadzuka. andiimbira a margareta, akauntanti wathu wa ku mponela uja. akutseka mabuku a chaka chathu chothera mu juni nde apeza K485,000 inatuluka mu akaunti ya kampani mu januwale. mu envelopu ya malisiti imene bambo anawatumizira muli kalisiti aka

08:33 Takondwa: (chithunzi: lisiti la shopu ya mafoni ku Lilongwe, tabuleti imodzi, pa dzina la wogula sipanalembedwe kanthu)

08:40 Limbani: ine ndikuliona koyamba. sabata yonse ndimakhala mu lole, tabuleti nditani nayo

08:40 Limbani: si ili kwa inu ku malomoko?

08:41 Takondwa: ikanakhala kuno ndikanafunsa? pa depoti pano ndili ndi sikelo, kope ndi foni yong'aluka galasi basi

08:44 Limbani: nde ndi madala. osayinira ku banki muli awiri, inu ndi iwo

08:45 Takondwa: bambo? kafoni unawagulira kaja amangodziwa kudina kamaikolofoni. agule tabuleti?

08:46 Takondwa: ona zimene alemba a margareta

08:46 Takondwa: (wotumizidwa kuchokera kwa Margareta) Mai Takondwa, kuti ilowe ngati katundu wa kampani ndikufuna zinthu zitatu. Lisiti lokhala ndi dzina la kampani, chithunzi cha nambala ya kumbuyo kwa tabuletiyo, komanso mundiuze ntchito imene imagwira. Zikapanda kupezeka ndilemba kuti a Kamphinda anatapa ndalama ya kampani pa zofuna zawo. Ndilibe njira ina. Ndikufuna nditseke Lachisanu.

08:52 Limbani: eish. "anatapa"

08:53 Limbani: madala omwe anandibweza ku golosale wapansi coz wogulitsa anandiwonjezera chenji cha K20

08:54 Takondwa: nchifukwa chake mtima suli m'malo. ndiwafunsa pa gulu

Gulu: Kamphinda Produce (Bambo, Takondwa, Limbani)

09:02 Takondwa: mwadzuka bwanji bambo. a margareta akufunsa za tabuleti inagulidwa mu januwale. mukuidziwa?

10:47 Takondwa: bambo?

12:20 Limbani: bambo chonde muone uthenga wa asisi

14:09 Bambo: (uthenga wa mawu, 0:19) Takondwa mwana wanga, ndaona mwalembalemba m'gulumu. Ine ndili pa sikelo, ngolo ziwiri za mtedza zangofika kumene, anthu ali pa mzere. Ngati pali nkhani undiimbire ndikaweruka.

14:11 Takondwa: chabwino bambo

Takondwa ndi Limbani
*Lachiwiri, 12 Ogasiti*

07:25 Limbani: munalankhula nawo?

07:38 Takondwa: ndinawaimbira 5 koloko. za mitengo ya mtedza tinacheza bwinobwino mphindi khumi. nditangotchula tabuleti akuti halo halo netiweki ikudula

07:38 Takondwa: pa madisi. m'mphepete mwa tala

07:39 Limbani: kkkkk

07:39 Takondwa: usaseke iwe

07:41 Takondwa: ndaimbiranso paulo wonyamula matumba ku shedi uja. akuti "zimenezo afunseni eni ake mayi." wadula

11:52 Limbani: asisi ndili ndi nkhani koma musapse mtima

11:58 Takondwa: kamba

11:59 Limbani: ndakumana ndi frank pa lumbadzi, mnzanga kondakitala wa minibasi uja. akuti madala akwera yawo katatu chaka chino. kutsikira pa mtengowanthenga

12:00 Limbani: sakhala okha

12:00 Takondwa: amakhala ndi ndani

12:03 Limbani: mai wina. wa duku, wamkulu ndithu. akuti potsika maiyo amawagwira mkono

12:04 Takondwa: kuwagwira mkono pagulu??

12:04 Limbani: ndi mmene wanenera

12:06 Limbani: mwina amapita ku chipatala cha mishoni chija

12:07 Takondwa: chipatala chili pa madisi pompo, kuyenda wapansi. munthu asiye chipatala pakhomo akwere minibasi kukafuna chipatala?

12:09 Takondwa: amai sanathe ndi zaka ziwiri zomwe m'manda

12:12 Limbani: zinakwana mu meyi asisi. nawonso ndi munthu, nyumba ija ndi yaikulu kukhalamo wekha

12:14 Takondwa: akwatire sindikuletsa. atiuze ngati ana awo. koma osati ndi ndalama ya kampani

12:15 Limbani: sitinadziwe kaye

12:15 Takondwa: dikira kwabwera alimi

Gulu: Kamphinda Produce

13:05 Takondwa: ndaganiza ndamvetsa tsopano. tabuletiyo anagulira mai wa ku mtengowanthengayo. ife tikutsamwa ndi fumbi la mtedza kuno iwo akuchita za unyamata ndi ndalama ya kampani

13:06 Limbani: asisi

13:06 Limbani: ASISI ILI NDI GULU

13:07 (Takondwa wafufuta uthenga wa 13:05)

Takondwa ndi Limbani

13:07 Takondwa: mayo ine

13:07 Takondwa: mayo mayo

13:08 Takondwa: auona?

13:08 Limbani: musanafufute simunayang'ane?

13:09 Takondwa: inaonetsa kuti nonse awiri mwatsegula

13:10 Limbani: mtima pansi. iwo amangotsegula sawerenga. nchifukwa chake amayankha zosiyana ndi funso

13:24 Takondwa: ndaimba kawiri sakuyankha

15:40 Takondwa: kachitatu

15:41 Takondwa: limbani ndatukwana bambo anga

15:58 Limbani: ndili pa rodibuloko. ndiyesa ine ndikadutsa

17:16 Limbani: ikungoitana

Gulu: Kamphinda Produce
*Lachitatu, 13 Ogasiti*

06:41 Bambo: (uthenga wa mawu, 0:24) Takondwa. Limbani. Mwadzuka bwanji ana anga. Uthenga uja ndinauwerenga usanaufufute. Ndinauwerengera pa tabuleti yomweyo, chifukwa ili ndi ine konkuno. Zilembo zake ndi zazikulu ngati zala. Pa kafoni kaja sindikanautha. Musandidule, ndikambe kaye.

06:44 Bambo: (uthenga wa mawu, 1:12) Maso anga akutha. Linayamba ndi la kumanzere chaka chatha, kuchita ngati ndikuyang'ana kudzera mu utsi. Kenaka la kumanja. Mu Seputembala kunabwera Andreya ndi mtedza wake, munthu amene wandigulitsa mtedza zaka khumi ndi ziwiri. Sikelo inalemba 58, ine ndinawerenga 38. Ndinalemba m'kope, ndinamuwerengera ndalama ya 38. Anandiyang'ana anthu ali pomwepo nati, a Kamphinda, nanunso mwayamba? Paulo ndiye anabwera kudzaona sikelo. Ndinamuwonjezera pompo, ndinapepesa. Koma mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba, ndinagona nawo, mpaka lero ndidakali nawo.

06:47 Bambo: (uthenga wa mawu, 0:58) Ndiye mu Januwale ndinapita ku tauni ndikuwauza a mu shopu kuti ndikufuna chinthu chokuza zilembo. Anandionetsa ichi. Ndimajambula sikelo, ndikutambasula ndi zala, nambala imadzaza galasi lonse. Ndimajambula kope, ndikuwerenga mzere ndi mzere. Chaka chino sindinalakwitsepo kilo ya munthu ndi imodzi yomwe. Ndinatenga ya kampani chifukwa ndi ntchito ya kampani. Zoti pa lisiti pakhale dzina sindinaone, ndikanaona ndi chiyani. Mukamabwera ndimaibisa m'thumba la mbewu, ndipo Paulo ndinamulumbiritsa ndine, musamukalipire.

06:51 Bambo: (uthenga wa mawu, 1:05) Za maiwo. Ndi mai Modesta a ku mphakati wathu, akazi a malemu a Blessings a chigayo aja. Amapita ku Mtengowanthenga kukatenga mankhwala a shuga. Ndinawapempha kuti ndizitsagana nawo, chifukwa pano pa Madisi anamwino onse ndi ana a anzanga, dzuwa lisanalowe nkhani ikanafika ku Malomo. Amandigwira mkono chifukwa potsika minibasi sindiona pamene pali phazi. Basi. Agogo anu anamwalira akutsogozedwa ndi ndodo, atakhazikidwa pa khonde zaka zisanu ndi ziwiri ngati mtondo. Ndinaopa kuti mukadziwa mundilanda makiyi a shedi, mwa chikondi chomwe, ndikundikhazika pa khonde.

06:58 Takondwa: (uthenga wa mawu, 0:14) Bambo pepani. Pepani bambo anga. Ndalankhula zopusa, ndalankhula ngati wosaleredwa. Sindikudziwa kuti ndi...

06:59 Takondwa: mundikhululukire

07:03 Bambo: (uthenga wa mawu, 0:16) Usalire pa depoti, alimi aganiza kuti mtengo watsika. Wolakwa ndine. Munthu akatseka chitseko asadandaule kuti anthu akuganizira zimene zili m'katimo.

07:05 Limbani: bambo adokotala anati ndi chiyani kwenikweni

07:09 Bambo: (uthenga wa mawu, 0:21) Akuti ndi ng'ala, maso onse awiri. Anandilembera kalata mu Juni yoti ndipite ku Nkhoma akandipange opaleshoni. Ili m'Baibulo. Mpeni m'diso, ana inu. Ndikapita ndikuona pang'ono ndikubwerako ndisakuoneratu?

07:10 Takondwa: NG'ALA?

07:10 Takondwa: bambo ng'ala amachotsa!!

07:12 Takondwa: (uthenga wa mawu, 0:27) Bambo, ine ndimaganiza munena kuti palibe chochita. Ng'ala amachotsa. A Debora, aphunzitsi opuma a kuno ku Malomo, anawachotsa ng'ala m'maso onse awiri chaka chatha. Dzulo lomweli adutsa pano pa njinga atanyamula nkhuku. Amalowetsa okha ulusi pa singano. Mwasunga kalata miyezi iwiri m'Baibulo?

07:14 Limbani: ine ndaimika lole pambali kaye

07:15 Limbani: makiyi a shedi palibe akuwafuna bambo. ine ndingathe kukangana ndi alimi a ku madisi? angandidye

07:20 Takondwa: mawa ndikubwera ndi minibasi yoyamba. kalatayo isachoke m'Baibulomo

07:26 Bambo: (uthenga wa mawu, 0:06) Ubwere ndi uchi wa ku Ntchisi uja. Watha.

Takondwa ndi Limbani
*Lachinayi, 14 Ogasiti*

10:32 Takondwa: ndafika. ali bwino. andilandira ngati palibe chinachitika, ine ndi amene ndikulephera kuwayang'ana kumaso

10:33 Takondwa: ukawayang'anitsitsa diso la kumanzere likuoneka loyera pakati. tinali kuti ife limbani

10:35 Limbani: pasaka ndinakhala nawo masiku atatu osaona kanthu. anandiuza ndiwerenge ine malembo a pa chakudya, ndinkati akundiyesa ngati ndimapemphera

10:41 Takondwa: (chithunzi: kumbuyo kwa tabuleti, nambala ikuoneka bwino)

10:41 Takondwa: pita nayo ku shopu ija. dzina la shopu lili pa lisiti. uwauze alembe lina, Kamphinda Produce Ltd, deti yomweyo ya januwale

10:43 Limbani: ndikangotsitsa katundu ku kanengo ndilowa mtauni

11:18 Takondwa: iwe

11:18 Takondwa: ndatsegula zithunzi za mu tabuletimu. zilipo 2,116

11:19 Limbani: za chani zonsezo

11:20 Takondwa: sikelo. sikelo. sikelo. tsamba la kope. sikelo. chala chawo. sikelo. phazi la paulo

11:20 Limbani: kkkkkkk

11:22 Takondwa: tsiku lililonse kuyambira januwale. a margareta amafuna umboni wa ntchito, aupeza wodzaza ngolo

11:37 Takondwa: pali chimodzi chosiyana

11:38 Takondwa: anajambula chithunzi cha amai chili pa khoma pa balaza chija. cha pa ukwati wa azakhali a veronika

11:38 Takondwa: ndawafunsa, akuti pa khomapo anasiya kuwaona nkhope. pa tabuleti amatambasula

11:52 Limbani: musandiuze zoterozo ndili pa chiwongolero asisi

13:46 Limbani: ndili mu shopu. poyamba amavuta akuti za januwale nzakale. atsegula buku lawo apeza kope la lisiti lija, nambala ikugwirizana

13:59 Limbani: (chithunzi: lisiti latsopano, dzina la kampani ndi chidindo cha shopu)

14:00 Limbani: mwini shopu akuwakumbukira. akuti ndi bambo aja anakhala ola lathunthu akuphunzira kutambasula ndi zala, kenaka anafunsa ngati zilembo zingathe ngati inki

14:01 Takondwa: kkkk mulungu wanga

14:02 Takondwa: zkm achimwene. ndikutumiza zonse ku mponela

15:30 Takondwa: ndachokera kwa mai modesta. ndinatenga shuga kenaka ndakumbukira pa geti kuti ndi wodwala shuga. ndabwerera ndakagula chitenje

15:31 Limbani: akudziwa zimene munalemba?

15:33 Takondwa: bambo sanawauze. ndawauza ndekha. aseka mpaka kukhosomola, akuti "ine ndi a kamphinda? munthu wokangana ndi kondakitala chifukwa cha K100?"

15:34 Takondwa: akuti akhala akuwakakamiza za ku nkhoma kuyambira juni. atopa nawo. akuti tsopano ndi katundu wanu

Gulu: Kamphinda Produce
*Lachisanu, 15 Ogasiti*

09:12 Takondwa: (wotumizidwa kuchokera kwa Margareta) Zonse zakwana, zikomo. Zithunzi za sikelo musatumizenso, khumi zija zakwanira. Tabuleti ilowa ngati katundu wa kampani, mawu oti anatapa aja ndachotsa. Dziwani kuti mtengo wake suchotsedwa wonse m'mabuku chaka chimodzi, umapita pang'onopang'ono ngati mmene tinachitira ndi sikelo. Funso lomaliza, kodi a Kamphinda amaigwiritsanso ntchito pa zinthu zawo zapadera?

09:13 Limbani: yankhani kuti ayi asisi tithane nazo

09:21 Bambo: (uthenga wa mawu, 0:33) Limbani, ndawerenga. Iwe ukufuna ndichoke pa 38 ndilowe pa bodza lina? Takondwa, uwauze mai Margareta kuti Lamulungu ndimawerengerapo Malembo, Lachinayi ndimapita nayo ku mphakati chifukwa ndine wowerenga. Mpira ndimamvera pa wailesi, umenewo asauwerengere. Masiku ena onse ili pa sikelo. Alembe mmene zilili.

09:22 Limbani: ndangoyesa bambo

09:48 Takondwa: (wotumizidwa kuchokera kwa Margareta) Chabwino, gawo laling'ono ndiliika pambali ngati lawo, lotsalalo la kampani. Ndatseka. Muwauze a Kamphinda kuti makasitomala anga onse akanakhala ngati iwo bwenzi ndilibe BP.

09:49 Takondwa: zatha

09:50 Takondwa: ndaimbanso ku nkhoma. akuti tifike pa 8 seputembala, ayamba ndi la kumanzere. limbani upemphe galimoto yaing'ono kwa mlamu wako, bambo sakwera lole

09:55 Bambo: (uthenga wa mawu, 0:09) Pa 8 pamenepo mtedza ukhala usanathe kubwera. Bwanji Okutobala?

09:55 Takondwa: ayi

09:55 Limbani: ayi

09:58 Bambo: (uthenga wa mawu, 0:04) Ndinabala apolisi ine.

Takondwa ndi Limbani
*Lachiwiri, 9 Seputembala*

09:40 Takondwa: alowa. anandigwira dzanja mpaka pa chitseko, manja ozizira ngati madzi a pa chitsime

09:41 Limbani: ndikupemphera. ndiuzeni chilichonse

10:15 Limbani: bwnj

10:34 Limbani: asisi?

10:51 Limbani: asisi yankhani chonde

10:58 Takondwa: sorry foni inali mu chikwama. atuluka! bandeji pa diso. akuti zayenda bwino, amasula mawa m'mawa

10:59 Takondwa: akudandaula kuti anadzikonzekeretsa kufa koma zatha asanamalize kolona

10:59 Limbani: kkkkk ambuye alemekezeke

*Lachitatu, 10 Seputembala*

08:22 Takondwa: (uthenga wa mawu, 0:20) Limbani, amasula. Anayamba kuphethira, kuphethira. Kenaka akuti, Takondwa, iwe uli ndi imvi? Anamwino onse kuseka. Awerenga zilembo za pa khoma mpaka mzere wachiwiri kuchokera pansi. Bwera udzatitenge.

08:23 Limbani: ndanyamuka kale

Gulu: Kamphinda Produce
*Lachinayi, 11 Seputembala*

10:05 Takondwa: bambo adokotala anati sabata ziwiri osayandikira fumbi. ndangopita ku msika mphindi makumi awiri, mwalowera kuti?

10:17 Bambo: (chithunzi: chikwangwani cha pamwamba pa chitseko cha shedi, cholembedwa ndi utoto wofiira, KAMPHINDA PRODUSE LTD)

10:18 Bambo: (uthenga wa mawu, 0:29) Sindinalowe, ndaima kutsidya kwa msewu ndi magalasi akuda anu aja. Ndimafuna ndingoona shedi yanga. Tsono ndifunse. Chikwangwani ichi chakhala pano chaka chathunthu, malole akudutsa, ansembe akudutsa, aphunzitsi a sekondale akudutsa. Ine ndinali ndi ng'ala. Inu awiri munali ndi chiyani? Analemba ndani?

10:19 Takondwa: kkkkkkkk

10:19 Takondwa: limbani yankha

10:26 Takondwa: limbani tikukuona uli online

10:31 Limbani: ndibwera loweruka ndi utoto

10:31 Limbani: asisi utotowo ulowa pa kampani eti

10:33 Bambo: (uthenga wa mawu, 0:05) Umenewo ugula ndi ya m'thumba mwako.